Manja a Akaputeni

Ku saluni ankamutcha Kaburashi, chifukwa pa atsikana onse a kumeneko ndi iye yekha amene ankatha kujambula duwa lathunthu, la masamba ndi tsinde lomwe, pa chikhadabo cha kachala kakang'ono ka kasitomala. Ntchitoyo anaisiya chaka chimene apongozi ake aamuna anaterereka m'bafa n'kuthyoka mwendo. Mwamuna wake anali dalaivala wa thiraki ya maulendo ataliatali, munthu wofika pakhomo kudzachapitsa zovala n'kunyamukanso. Mlamu wake, mlongo wa mwamunayo, anali ndi ntchito ya mu ofesi kutsidya lina la tauni, komanso ana atatu. Tsiku limene banja linakhala pansi kukambirana za wosamala bambowo, panalibe amene anatchula Kaburashi, koma maso onse anathera pa iye. Anamuuza kuti n'za miyezi yochepa, mwendo ukangopola abwerera kuntchito. Kanyumba kawo ka lendi anakasiya, katundu n'kukamusungitsa kwa mlamuyo.

Mwendo unapoladi. Kenako manja anayamba kunjenjemera.

Apongoziwo ankakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja yopanda chikepe. Chigwereni m'bafa muja, masitepe ankatsika tsiku la kuchipatala lokha, atagwiriziridwa uku ndi uku ndi amuna a pa shopu ya matayala ya pansi. M'nyumbamo munali chipinda chawo chogona, pabalaza pamene Kaburashi ankayala matiresi ake, khitchini yoti ukatambasula mikono ukhudza makoma onse awiri, ndi kachipinda kena kamene aliyense ankangokatchula kuti ku ndege.

Bambowo moyo wawo wonse anagwira ntchito yojambula mapu mu ofesi. Sitima yapamadzi anali asanakwerepo, ndege ngakhale kuikhudza kokha, koma anzawo ankawatcha Akaputeni, ndipo dzinalo ankalivomera ndi mtima wonse. Chiyambire unyamata wawo ankagula mabokosi a tindege ta pulasitiki tobwera tili tizidutswatizidutswa, n'kumatilumikiza ndi guluu n'kutipenta. Sankafuna ndege wamba. Zawo zinali za pa nkhondo yakale, zimene zinkanyamuka ndi kutera pa sitima zikuluzikulu pakati pa nyanja: zina za mapiko opinda kuti zikwane zambiri m'sitimamo, zina zonyamula bomba lalitali kumimba, zina zokhala ndi timabwato m'malo mwa matayala. Zomaliza zinali m'kabati ya magalasi. Mabokosi osatsegula anali ataunjikana pamwamba pa kabatiyo mpaka kudenga, moti malemu akazi awo akuti ankanena kuti amuna awo anagula ntchito yoti akamalizire kumanda.

Miyezi yoyamba awiriwa ankachitirana manyazi. Kaburashi ankangoika tiyi patebulo n'kutuluka, bambowo n'kuthokoza akuyang'ana khoma. Koma m'mawa wina, akubweretsa tiyiyo, anawapeza atakhala duu ku ndege, manja ali pamiyendo. Kampando ka woyendetsa ndege, kochepa kuposa chikhadabo, kanali katagwera pansi, ndipo dontho la guluu linali litatera pa phiko n'kudya pulasitiki.

"Mayi," anatero osamuyang'ana, "tanditolerani ako, mundigwirire apa pang'ono."

Anagwira. Mawa lake anamupempha kuti adule tizidutswa pa chimango chake ndi kampeni, asalaze m'mbali ndi sandipepa. Sabata isanathe anamupatsa burashi kuti apente kamunthu koyendetsa ndegeko. Kaburashi anaviika burashiyo, n'kuipukutira pa chala chachikulu monga ankachitira ku saluni, napenta chisoti, magalasi a m'maso, malamba, mpaka kamlomo. Akaputeni anatenga galasi lokulitsira zinthu n'kuyang'ana nthawi yaitali, galasilo likugwedezeka. Atamufunsa kumene anaphunzira zimenezi, iye anayankha kuti pa zikhadabo za azimayi. Bambowo anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti asilikali apamadzi apulumutsidwa ndi saluni.

Kuyambira pamenepo masiku anayamba kufanana. M'mawa kuwakonzera madzi ndi kampando m'bafa n'kudikira pakhomo, kuwamanga mabatani, kuwameta ndevu, kuwamwetsa tiyi ndi mapiritsi, kenako ku ndege mpaka masana. Zenera la kachipindako silinkatsegulidwa, chifukwa fumbi la mumsewu likatera pa penti wosauma ndege inkaoneka ngati yadwala chikuku. Chitseko nachonso chinkakhala chotseka. Fungo la thina, mankhwala osungunulira penti aja, linkalowa m'zovala ndi m'tsitsi, ndipo pofika masana mutu wa Kaburashi unkagunda ngati muli munthu akukhoma misomali.

Akaputeni ankakhala pambali pake, phewa kugunda phewa poti malo analibe, akulamula. Pamwamba pa ndege ankati papakidwe buluu wakuda ngati madzi akuya, kuti mdani wouluka pamwamba asaione msanga, ndipo kumimba kupakidwe motuwa ngati mitambo. Anamuonetsa kambedza ka kumchira kamene kankakola waya ndege ikamatera pa sitima, n'kumufotokozera zimene zinkachitika kakaphonya. Ndege yoyera bwino ankadana nayo. Ankafuna mwaye kuseri kwa injini, ndi penti wosupuka pa phiko pamene amalinyero ankaponda ndi nsapato. Tizizindikiro ta papepala tonyika m'madzi ofunda tinkang'ambika munthu akangopumira pafupi, ndiye iwo ankagwira mpweya limodzi naye mpaka katakhazikika. Chovuta kuposa zonse chinali kagalasi kophimba woyendetsa, kokhala ndi timizere tambirimbiri ta chimango chake, tofunika kutipenta kamodzikamodzi popanda kukhudza galasilo.

"Pang'ono. Pang'ononso. Basi, mwapyola."

Chimene chinkamuwawa kwambiri Kaburashi chinali chakuti nthawi zina ntchitoyo ankaikonda. Mzere ukatuluka wowongoka ankamva kukoma komwe kuja kwa ku saluni. Kenako ankadzutsa mutu n'kuona kuti dzuwa lapendeka, tsiku lapita, ndipo mawu amene wamva chidzukire ndi a munthu mmodzi. Panja ankatuluka kukagula buledi ndi mkaka pa shopu ya pansi, akuthamanga ngati wasiya mphika pamoto. Atsikana a ku saluni ankamutumizira zithunzi pa foni, ali m'mayunifolomu atsopano, akumufunsa ngati anakwatiwa ndi mwana kapena ndi bambo ake.

Ndege ikatha, Akaputeni ankavala jekete, kuiika ndegeyo patebulo patsogolo pawo, manja kubisa pansi pa tebulolo, n'kuuza Kaburashi kuti awajambule. Chithunzicho chinkapita ku gulu la pa foni la banja ndi kwa anzawo akale okonda tindege, ndi mawu awiri okha akuti ndamaliza ina. Wolemba mawuwo analinso Kaburashi yemweyo, poti iwo foni sankathanso kuidina. Tsiku loyamba limene anachita zimenezi bambowo anamupempha, akuyang'ana pansi, kuti za manja awo zikhale za m'nyumba momwemo. Anati munthu amene anajambula mapu zaka zonsezo popanda kufufuta sangapirire kuti ana ake azimuyang'ana ndi maso achisoni. Kaburashi anavomera. Panthawiyo zinkaoneka zazing'ono.

Mlamu wake ankabwera Lamlungu masana, kachikwama kali paphewa, makiyi a galimoto ali m'manja. Bambowo ankakonzekera ulendowo ngati mayeso. Ankamweratu mapiritsi, n'kukhala pampando manja atawapana pakati pa mawondo. Tiyi ankakana, ati angomwa kumene. Mwana wawoyo ankasuzumira m'kabati, kuyamikira ndege yatsopano, n'kunena kuti madokotala amakonda kuopseza anthu, onani ababa akupenta tinthu toti iye mwini sangatione popanda magalasi. Tsiku lina ali m'khitchini anauza Kaburashi akuseka kuti, alamu, inu ndiye muli pa holide, munthu wodzichitira zonse chonchi kumusamala kwake n'kotani. Kaburashi anaseka nawo, akutsuka kapu imene anawamwetsera bambowo mlendoyo asanafike.

Kenako amadamu, eni ake a saluni ija, anaimba foni. Anati nyengo ya maukwati yayandikira, mpando wa Kaburashi sungakhale wopanda munthu mpaka kalekale, ndipo pali mtsikana wina amene akubwera tsiku ndi tsiku kudzafunsa malo. Anamupatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Madzulo ake Kaburashi anatulukira pa masitepe n'kuimbira mwamuna wake. Anamupempha kuti akambirane ndi mlongo wake, azisinthana masiku, kapena apeze munthu wokhala ndi bambowo masana. Mwamunayo anali pamalo ena oimikapo mathiraki, injini zikulira kumbuyo kwake, ndipo anayankha mokoma mtima ndithu. Anati ngati akufuna kubwerera kuntchito palibe womuletsa, angopita, ababa atha kukhala okha masana.

"Sangakhale okha," anatero Kaburashi.

"Iwe, ndege ya dzana ija unaiona bwino? Timizere tija? Munthu wopenta zimene zija angalephere kudzipangira tiyi?"

Mawu anafika pakamwa. Kudzera pa chitseko chosatseka bwino ankawaona bambowo ali pabalaza, akulimbana ndi batani la pa mkono wa malaya, osadziwa kuti wina akuwaona. Anauza mwamuna wake kuti netiweki ikuvuta, n'kudula foni.

Anaganiza zoyesa tsiku limodzi. Loweruka m'mawa anawasambitsa, kuwadyetsa, kuika tiyi m'fulasiki, buledi m'mbale yovundikira, mapiritsi a masana m'kasosala. Akaputeni anamulimbikitsa kuti apite, ati iwo si khanda. Patebulo la ku ndege panali ndege ya bomba lalitali kumimba, yotsala pang'ono kutha, imene awiriwa anavutika nayo pafupifupi mwezi wonse. Kaburashi anawapempha kuti asaikhudze mpaka iye atabwera.

Ku saluni anamulandira ndi phokoso. Anamununkhiza tsitsi n'kumufunsa ngati tsopano amagwira ntchito pa galaja. Anakhala pampando wake wakale, chitseko chili chotsegula, wailesi ikulira, anthu akudutsa mumsewu, ndipo anapenta zikhadabo za azimayi angapo akumvetsera miseche yomwe inamupita. Koma masana atakwana anaimba foni kunyumba, osayankhidwa. Anaimbanso. Anapepesa kwa amadamu n'kukwera minibasi.

Fungo la thina anakumana nalo ali pa masitepe. Bambowo anawapeza atakhala pansi ku ndege, atatsamira mwendo wa tebulo, maso ali ofiira. Anafuna kungomata kambedza ka kumchira, kanthu kamodzi kokha, kuti iye akabwera aone. Mkono unagunda botolo la thina, thinayo n'kukhuthukira pa ndege, patebulo ndi pa thalauza lawo. Poyesa kuipulumutsa ndegeyo anaterereka pampando, ndipo kudzuka kunawakanika. Penti wa buluu anali atasungunuka n'kuyenderera ngati phula. Fulasiki inali chitsekere. Mapiritsi anali mbwee pansi.

Kaburashi anakankha zenera, n'kuwakokera pabalaza, kuwavula thalauza lonyowalo manyazi onse ataiwalika, kuwapukuta khungu limene linali litayamba kufiira. Anawamwetsa madzi. Bambowo atapeza mpweya, mawu awo oyamba anali akuti asawauze ana.

Iye anakhala pa matiresi ake opinda, thaulo lili m'manja. Sanakweze mawu.

"Bambo, ine manja ndili nawo awiri okha, ndipo onse mwatenga inu. Ana anu akuti muli bwino chifukwa cha ndege zimene ndikupenta ine. Ndikapitiriza kupenta, palibe adzabwere kudzandilandira. Ndikakusiyani, ndi izi. Ndiye mundiuze inuyo kuti ndichite chiyani."

Akaputeni anangoyang'ana manja awo akuvina okha pamiyendo.

Kaburashi analeka kulowa ku ndege. Zina zonse ankachita monga kale, kuwasambitsa, kuwameta, kuwadyetsa, koma akatha ankakakhala m'khitchini. Mwezi unatha, amadamu anatumiza uthenga waulemu wonena kuti mpando wapatsidwa kwa mtsikana uja. Iye anauwerenga ataimirira pa sinki, n'kupitiriza kutsuka mbale.

Anaganiza kuti kuleka kupenta kumupepukitsa mtima, koma masiku anangotalika. M'nyumbamo munalibenso chokambirana. Bambowo ankakhala ku ndege okha kuyambira m'mawa, akuyang'ana ndege yowonongeka ija, osakhudza kanthu. Chakudya anayamba kusiya theka. Anzawo a tindege ankafunsa pa foni kuti Akaputeni mwatani, sitima yamira kodi, ndipo iwo ankamuuza Kaburashi kuti asayankhe. Iye ali m'khitchini ankamva mpando ukulira kuseri kwa khoma, iwo ali ku ndege ankamva supuni ikugunda kapu, ndipo aliyense ankadziwa pamene mnzake ali.

Anagonja ndi Kaburashi. M'mawa wina analowa, n'kukoka mpando, kutenga ndege ija n'kuyamba kupala penti wosungunukayo ndi sandipepa. Palibe anapepesa mnzake. Patapita kanthawi bambowo ananena motsitsa kuti ayambire ku phiko lamanzere, ndipo iye anayambira komweko. Anaipentanso yonse, kuyambira kumimba. Chinatsala ndi kagalasi kophimba woyendetsa, katsopano, kamene anakachotsa m'bokosi lina.

Sabata imeneyo mwamuna wake anabwera, ndi chikwama cha zovala zakuda ndi tulo ta masiku ambiri. Lamlungu mlamu uja anabweranso, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni tsiku la msonkhano lija onse anali m'nyumba imodzi. Bambowo anavala jekete lawo. Atacheza pabalaza, mwamuna wa Kaburashi anati akufuna aone ndege imene ili pa ntchito, ndipo onse anapanikizana ku ndege, Kaburashi ataima pakhomo poti malo anatha.

Mwamunayo anatola kagalasi kaja n'kukayang'anitsitsa pa kuwala. Anati chiyambire ali mwana sanamvetsepo mmene bambo ake amapentera timizere totere popanda kudetsa galasi, ndipo anawapempha kuti amuonetse kamodzi kokha. Ananena mwachibwana, akumwetulira. Kaburashi ankadziwa mayankho onse amene bambowo ankapereka pa nthawi zotere: kuwala sikuli bwino, penti sanasakanizidwe, burashi yabwino yatha. Anadikira kuti amve limene asankhe lero.

Akaputeni anatembenuka n'kumuyang'ana iye. Kenako anatulutsa manja pansi pa tebulo.

"Mayi, nditsegulireni buluu."

Anawatsegulira, n'kuwapatsa burashi. Burashiyo inagunda m'mphepete mwa kabotolo kangapo isanalowe. Itatuluka inadontheza patebulo, pa mkono wa jekete, kenako inafika pa kagalasi n'kukapaka chibanga chachikulu kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Anayesanso. Kagalasiko kanathawa, kugwera pamiyendo pawo. Anakatola ndi zala ziwiri, kakugwedezeka, n'kuviikanso burashi. M'chipindamo munkangomveka kugogoda kwa burashi pa botolo.

"Ababa, basi," anatero mlamu uja. "Basi, chonde."

Bambowo anaika burashi pansi, ndipo inagubuduka n'kugwa.

"Ndege zonse za shelefu ya pamwambayo wapenta ndi mkazi wakoyu," anauza mwana wawo wamwamuna. "Kundidyetsa, amandidyetsa ndi supuni. Mabatani awa wamanga ndi iye. Ndinamuletsa ndine kuti asanene."

Mlamuyo analira, atagwira manja a bambo ake kuti aleke kunjenjemera, koma sanaleke. Atapukuta misozi anatembenukira kwa Kaburashi n'kumufunsa chifukwa chimene anawabisira zinthu zazikulu chonchi, ngati kuti iwo si ana a m'nyumbamo. Anati akanadziwa akanawapititsa kwa dokotala wina kalekale. Kaburashi anatsegula pakamwa, koma anaona kuti chilichonse chimene anganene chigwera pa bambo amene akhala apowo ndi penti pa jekete. Anapita kukatenga kansalu ndi thina. Mwamuna wake anatuluka n'kukaima pa masitepe nthawi yaitali. Atabwerera anamupeza m'khitchini, n'kuima pambuyo pake, n'kunena kuti samadziwa. Iye anayankha kuti akudziwa kuti samadziwa.

Madzulo omwewo anagwirizana zingapo. Mlamu anati azibwera Loweruka lililonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mwamuna anati akapempha abwana ake kuti amuike pa maulendo afupiafupi. Za munthu wothandiza masana anati aziganizira bwino, poti si aliyense amene ungamulowetse m'nyumba. Kaburashi anaimbira amadamu, ndipo iwo anati mpando unapita, koma Loweruka akhoza kumabwera kudzathandiza pa akwati, azikhala pa kampando ka pakona.

Mwamuna ananyamuka Lachiwiri. Patapita masiku anaimba kunena kuti abwana amva, koma ati zimenezo aziona chaka chamawa, panopa madalaivala ndi ochepa. Dokotala watsopano anasintha mapiritsi, n'kunena mosabisa kuti matendawa sabwerera m'mbuyo. Akaputeni analeka kujambulitsa. Ndege ya bomba ija anaimaliza ndi kagalasi kachitatu, n'kuiika m'kabati popanda kuuza aliyense, ndipo mawa lake anamupempha Kaburashi kuti akwere pampando atsitse bokosi lina. Anali ofatsa kuposa kale. Sankanenanso kuti mwapyola. Nthawi zina ankamufunsa iye mtundu umene akuona kuti ungakhale bwino, ndipo zimenezi zinkamumvetsa chisoni kuposa kulamula kuja.

Loweruka loyamba mlamu anafika m'mamawa ndi zipatso. Loweruka lachiwiri anafika dzuwa litakwera, akupepesa za mzere wa magalimoto. Loweruka lina Kaburashi ali pakona pake ku saluni, atagwira zala za mkwati, foni inalira. Mlamu ankafunsa kumene kuli kapu ya chivundikiro imene bambowo amamwera. Inaliranso: ababa akukana kuti awaperekeze kuchimbudzi, ati adikira mayi abwere. Kachitatu mlamuyo anayamba ndi kupepesa. Anati sabata yamawa mwana wake wamkulu ali ndi mpikisano kusukulu, makolo onse akufunika, ndipo sabata inayo kuofesi kuli msonkhano umene sangauthawe, koma ikatha imeneyo abwera ndithu. Anafunsanso ngati lero Kaburashi angafulumireko pang'ono.

Kaburashi anati chabwino. Mkwati uja anamufunsa ngati kunyumba kuli bwino, iye n'kuyankha kuti kuli bwino, asagwedeze chala. Anamaliza timaluwa tonse, kudikira kuti polishi aume, kutsuka maburashi ake n'kutsanzika.

Pa siteji minibasi ya kwawo inali itaima kale, kondakitala akuitana, malo alipo. Kaburashi anaima pambali n'kuisiya ipite. Anagula botolo la chakumwa chozizira pa kashopu ka pomwepo, n'kukhala pa benchi pakati pa anthu osamudziwa. Bambo wina ankakangana ndi wosoka nsapato za mtundu wa ulusi, mayi wina ankadzudzula mwamuna wake pa foni, ndipo iye anamvetsera zonsezo mpaka kumapeto, akumwa pang'onopang'ono. Foni inanjenjemera m'chikwama. Anamaliza chakumwacho, kubweza botolo, ndipo minibasi yotsatira itafika anakwera.